Dzungu Lovala Helemeti

Anzanga, khalani pansi, zomwe ndinalota usiku wathawu n'zosayamba. Ndinalota ndili kuntchito konkuno, komwe timayesa katundu asanafike kwa anthu, ndiye andipatsa mahelemeti a anyamata a kabaza kuti ndione ngati angateteze mutu. Monga mwa nthawi zonse ndinaveka dzungu helemeti n'kukwera nalo pamakwerero. Mwadzidzidzi dzungu lija linatsokomola.

"Mayi, mundiponye mwaulemu. Ndili ndi ana m'mimbamu."

Ndinaliponyabe. Phwaa! Helemeti kusweka pakati, nthanga mbwee, ndiye nthangazo zinayambitsa nyimbo ya maliro koma yokoma, mpaka ine kuyamba kudula chiuno.

Pomwepo analowa abwana athu, a Chidzanja. Akuyandikira, diso lina kuyang'ana kudenga, lina kukhomo, basi asanduka bilimankhwe, tayi ili m'khosi.

"Dindani kuti zapambana," anatero. "Mwini katunduyu ndi munthu wabwino, anatigulira zoziziritsa kukhosi."

"Bwana, dzungu lafa."

"Dzungu si munthu, n'chakudya."

Ndiye mawu aja opachikidwa polandirira alendo, aja timangowadutsa tsiku ndi tsiku, anatsika okha pakhoma. Choonadi anabwera akudzikuntha fumbi, Chitetezo cha Anthu akutsimphina poti anaponda msomali. Akuti, "Zaka zonsezi osatipukuta n'komwe. Lero tikuonereni."

Ndinatenga chidindo. Ntchito ndimaifuna, anzanga, musandiyang'ane choncho! Mwadzidzidzi chipinda chonse chasanduka msewu, a kabaza ali pamzere kudikira mahelemeti omwewo, ndiye kutsogolo kuli mlongo wanga Fatsani, akundimwetulira, mutu wake uli dzungu. Ndinachita mantha osaneneka.

Chidindo chinandinong'oneza, "Ine ndimagwa pomwe mwandiika, achemwali. Mlandu ndi wanu."

Ndiye ndinachimenya pamsana pa a Chidzanja: ZALEPHERA. Anayesa kufiira, anayesa kubiriwira, anayesa mawangamawanga, inki osachoka. Choonadi kululuta, Chitetezo kuiwala mwendo wopweteka n'kuyamba kuvina, abwana kukwera katani pang'onopang'ono akuti akukaitanitsa msonkhano.

Kenaka ndinamva khwe-khwe-khwe. Ndikutsegula maso, kwacha, ndi njinga yamoto ya Fatsani ikukana kulira panja. Ndinatuluka ndi chitenje chokha, kumuvula helemeti, kuimenyetsa kamodzi pakhonde. Inasweka ngati dzira.

Lero wapita wapansi, akunditukwana njira yonse. Atukwane, bola ali ndi mutu wotukwanira.