Ba Ezra ndi Madontho a Oyilo

Ku Dambwa aliyense ankadziwa kuti ba Ezra Nkhoma sangadutse dontho la oyilo pamsewu osalitsata. Anali wokonza mapaipi a haidiroliki, aja amakweza bodi ya lole ya tipa ndi mkono wa katapila, ndipo dontho lililonse linkawafunsa funso. Ankagwada, nkuligusa ndi chala, nkununkhiza, kenako ulendo.

Akazi awo, ba Agness, anavutika nalo khalidweli zaka zonse za banja lawo. Tsiku lina akupita kutchalitchi anangoona bambo akhotera kwina.

"Ba Ezra, tchalitchi ni uku!"

"Pitani, nibwela. Nifuna chabe nione wamene alila apa."

Anakapezeka ku Highlands mapemphero atatha, ali chagada pansi pa thirakitala ya munthu wosamudziwa, akumukalipira mwini wake ngati mwana.

Ba Agness ankafunitsitsa kudziwa chimene amuna awo ankaona m'zitsulo zimenezi, ndiye tsiku lina anakhala nawo pashedi yawo yogwirira ntchito pakhomopo. Ba Ezra anatola zolumikizira mapaipi ziwiri zofanana ngati mapasa.

"Mangani."

Zinalowa pang'ono, nkuuma.

"Mwaona? Mazinga yasiyana. Iyi ni ya ku Amerika, iyi ni ya ku Mangalande. Mukakakamiza, zizagwilana lelo, mailo zizayamba kulila."

"Monga ise," anatero ba Agness.

Ba Ezra anaganiza nthawi yaitali. "Iyayi. Ise tinalowana bwino. Ni kumanga chabe kwamene munapitilila."

Hozi, paipi yamphira yodutsamo oyilo, ankasankha ngati akusankhira mwana mkazi: ankafunsa mphamvu ya pampu, kutentha kwa oyilo, ngakhale pamene hoziyo ikapindike. Wobwera mothamanga ankachoka atakalamba. Womanga podontha ndi mphira ya chubu ankamuletsa kuwapatsa moni.

Tsiku la ukwati wa mwana wawo Stacy, ba Agness anawagwira dzanja mwamphamvu kuchokera pakhomo. Koma pokwera minibasi anawataya pang'ono, ndipo atacheuka anangoona suti ikukhota pakona, mutu uli pansi.

Madonthowo anawafikitsa pa tipa yoimikidwa bodi ili m'mwamba. Dalaivala wake, Nawa, anali atalowetsa mutu ndi mapewa pansi pa bodiyo, wopanda chochirikiza. Ba Ezra anaona hozi itatupa ngati mimba ya chule. Sanapereke moni. Anagwira Nawa lamba nkumukokera kunja, ndipo asanamalize kumutukwana, hozi inaphulika, bodi nkugwa, phii!

Anafika kutchalitchi mkwatibwi atalowa kale ndi amalume ake, suti yonse ili noninoni, Nawa ali pambuyo pawo. Ba Agness anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Uyu ni ndani?"

"Mulendo. Mupaseni mupando, miyendo yake ikalibe kubwela."

Ba Ezra anamwalira chaka chatha, atadwala masabata ochepa. Kuchipatala ankafunsabe anamwino chifukwa chake kapaipi ka diripi kamadontha dala.

Shedi ija ndi yotseka tsopano, ndipo matipa amapita kukakonzedwa kutauni. Msewu wa kwa ba Agness uli zii, palibenso madalaivala okangana pageti. Loweruka lina lililonse Nawa amaimika galimoto pamenepo, nkutsika chipewa chili m'manja. Ba Agness amatulutsa mipando iwiri, ndipo amakhala mpaka dzuwa litapendeka.