Agogo Tsuru Akufuna Kuwoloka Mlatho

Olemekezeka a Meya,

Ndiyambe ndi kupepesa. Pa chithunzi cha m'nyuzipepala chija, pomwe inu mukupereka chikho kwa agogo anga a Tsuru Kurabayashi, a zaka 114, mkulu waima kumbuyoyo atavala masilipasi a kuchimbudzi ndi ine. Munatulukira ndikadali m'chimbudzimo, ndipo ndinathamangira ulemu. Ndinaphunzitsa ana makhalidwe moyo wanga wonse, lero tauni yonse yawerenga mawu akuti "chimbudzi" pamapazi anga.

Tsopano ndithokoze.

Choyamba, chikho. Agogo anachitembenuza, nachiluma ndi nkhama, nati: "Chimene anandipatsa kale chija chinali siliva weniweni. Ichi angopaka. Kodi boma lakalamba kuposa ine?" Musadandaule, tikusungiramo mano oikirira a ine mdzukulu.

Chachiwiri, zikomo pokonza mawu awo. Atolankhani atafunsa chinsinsi cha moyo wautali, agogo anati: "Nkhumba yokazinga, ndi kusamvera madokotala." Ofesi yanu inalemba kuti ndi ndiwo za m'nyanja za kwathu kuno, ndipo zikugulidwa kwambiri m'mapaketi a nkhope yawo. Agogo sanazidyepo chithere nkhondo yachiwiri ya padziko lonse.

Chachitatu ndi chachikulu. Mayi anga a Fumie, a zaka 92, mwana yekhayo wa agogo wotsala, anafa ziwalo. Ali gone kunyumba yosamalira okalamba kutsidya la mtsinje. Dokotala akuti maluwa a mitengo ya matcheri a chaka chino sawaona. Pafupi ndi bedi lawo pali bedi lina lopanda munthu, ndipo agogo akulifuna. Koma kutsidyako ndi tauni ina, meya wina. Agogo akasamuka, dzina lawo lisamuka nawo. Ndipo tonse tikudziwa, ngakhale sitinena, kuti mayi wa kumwera uja, yekhayo padziko lonse woposa agogo zaka, ndi miyezi yochepa chabe, wayamba kukana phala. Ndikumvetsa, bwana. Kulima mtengo zaka zonsezi, chipatso n'kukagwera kwa mnansi!

Choncho mwatipatsa a Sugawara a ku ofesi yoona za okalamba. Amafika m'mawa uliwonse ndi timaswiti, n'kugwada pamphasa, n'kukoka mpweya m'mano, n'kuti: "Nkhaniyi ikuganiziridwa mozama." Munthu waulemu chonchi sindinamuonepo. Akhoza kuwerama mpaka mayi anga atamwalira.

Pempho langa ndi laling'ono. Basi ya tauni yathu, ija munajambulapo agogo akumwetulira, imawoloka mlatho wa pamtsinjewo tsiku ndi tsiku popanda woiletsa. Ngati sikulakwira ofesi yanu, lolani mwini nkhopeyo awolokeko kamodzi. Ulemerero wa munthu wamkulu kuposa onse padziko ngati mukuufuna kwambiri, njira ilipo: khalani ndi moyo inuyo. Muli ndi zaka 58, mwatsala ndi theka lokha.

Wanu wogwada,
Eisuke Hozumi, mphunzitsi wopuma

Kuwonjezera: Ndalemba izi a Sugawara ali pabalaza. Tiyi ndawathirira mpaka wasanduka madzi. Ndayang'ana wotchi moonetsera. Mkazi wanga waimika tsache chadodolido kuseri kwa chitseko, nalifunditsa kansalu, monga timachitira mlendo akamera mizu. A Sugawara aliona, nalitamanda kuti ndi tsache labwino.

Kenaka agogo, omwe timayesa agona, atsegula diso limodzi.

"Iwe mnyamata, amayi ako alipo?"

"Alipo, agogo, zikomo kwambiri pofunsa."

"Unawaona liti?"

A Sugawara akoka mpweya m'mano.

"Ine ndaika m'manda mwamuna, ana anayi, ndi mameya ambirimbiri," atero agogo. "Mameyawo sindiwakumbukanso. Mwana watsalayu ndikufuna ndimugwire dzanja lisanazizire. Dzuka, wakhalira mthunzi wanga."

A Sugawara adzuka. Avala nsapato osatembenuka, osawerama n'komwe, ndipo ali pakhomo andifunsa ngati mpando wa matayala wa agogo umapindika. Akuti galimoto lawo ndi laling'ono, koma mawa abwera nalo.