Nzama Yovala Golide

Usiku watha, anzanga, ndinalota zoti mpaka pano ndikuseka ndekha. Ikani kaye makapu a tiyiwo pansi. Paja mukudziwa kuti mawa ndikakonza ndekha, koyamba, chakudya choti chiunikidwe m'makina athu aakulu aja, okuza kanthu mpaka fumbi n'kuoneka ngati phiri. Abwana athu a Dokotala Nkhwangwa ananeneratu: chithunzi chikatuluka bwino ndikhazikika mu labotale, chikalephereka ndibwerera kotsuka mabotolo.

Ndiye ndinapezeka ndili mu labotale muno, nditavala magulovesi, m'manja muli nzama imodzi ya m'munda mwa mayi anga. Ndikuti ndiicheke ndi lumo, nzamayo inatsokomola.

"Pang'onopang'ono, mwana wa Nagama," inatero. "Mayi ako amanditherapo mtolo wa nkhuni kuti ndipse. Iwe ukufuna undidziwe m'kati lero lomwe?"

"Pepani azakhali," ndinayankha, n'kuicheka tizidutswa tiwiri.

Ndiye ndinaviika kachidutswa kamodzi m'mankhwala olimbitsa. Mwadzidzidzi timabotolo tisanu ta spiriti tinafola pathebulo ngati zidebe pamjigo, kuyambira kothira madzi ambiri mpaka kosasakaniza n'komwe. Koyambako kanati, "Ayambire kwa ine mlendoyo. Madzi a m'thupi amachoka mwaulemu, sachita kuthamangitsidwa." Azakhali analowa m'koyamba, n'kulowa m'kachiwiri, pofika m'kachitatu anali atayamba nyimbo za kumowa.

Ine mtima unafulumira. Ndinasuzumira pawindo, dzuwa likuswa mtengo. Ndinati, kwathu mphale timangoyanika pamphasa, madzulo yauma, ndivutikirenji ndi mabotolo? Ndiye ndinatola kachidutswako, n'kukaika palichero panja, ine n'kumaingitsa nkhuku. Pocheuka, kafota, kang'ambikang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe.

Mwadzidzidzi a Dokotala anatulukira, koma khosi litatalika, miyendo ngati bango. Jasi lawo loyera lija linali nthenga. Anali kakowa. Anaimirira ndi mwendo umodzi, n'kuyang'ana lichero ndi diso limodzi.

"A Felesiya," anatero mofatsa, "m'makinamo mulibe mpweya. Chonyowa chikalowamo chimaphulika, chouma ndi dzuwa chimanama. Mwatsala ndi tingati?"

"Kamodzi, bwana."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Ndinayambiranso ndi kachidutswa kotsalako. Mankhwala, botolo loyamba, lachiwiri, mpaka lachisanu, paliponse ndikudikira ngati wodikira mkamwini kuti amalize kudya. Kenako m'kachipangizo koumitsira, kenako ndinakanyamula ndi kopanira n'kukamata pakachitsulo konga batani.

"Imani pomwepo!" anakuwa azakhali. "Ndilowe wosavala, anthu onsewa akundiyang'ana?"

Ndiye ndinawaika m'kagalasi kopoperamo golide. Munawala kabuluu, golide n'kumagwa ngati mvula yamawawa, wopyapyala kuposa khoko la anyezi. Anatuluka akunyezimira, akuyenda monyada ngati mkwatibwi, timabotolo tija tikuimba nthungululu.

Tinawalowetsa m'makina, chitseko phaa, mpweya wonse fyuu kutuluka. Ndinatsinzina. Ndinadikira kuphulika. Kunali zii.

Nditatsegula maso, pakompyuta panali mudzi wathunthu. Nkhokwe zokhazokha zitathithikana, iliyonse yodzaza timibulu tonga mazira a nkhanga, palibe ndi imodzi yomwe yosweka. Kakowa anasendeza mlomo pafupi.

"Taonani makoma akewo kuchindikala! N'chifukwa chake imachedwa kupsa. Zaka zitatu ndakhala ndikufuna kuona zimenezi."

"Mukanangofunsa mayi ake a mwanayu," anatero azakhali ali m'katimo.

Kakowa anaseka mpaka nthenga kuthothoka. Ndiye anapisa mlomo m'phiko, n'kutulutsa makiyi a chipinda cha makina, n'kumawagwedeza pamaso panga, ngwele ngwele ngwele. Ine ndinagwada n'kutambasula manja onse awiri.

Mwadzidzidzi ndinadzidzimuka. Kunja kutayera, a neba akutsuka masipuni m'beseni kuseri kwa windo langa. Koma manja anga, anzanga, anali akadali m'mwamba, otambasula.