Deresi la Matumba la Azakhali

Lolemba

Pepani aphunzitsi pokuvutitsani ndi zolemba zangazi. Munati aliyense wa m'kalasi la zosoka azilemba zimene akuchita tsiku ndi tsiku. Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni, ndiye mukapeza zolakwika musaseke mokweza.

Kasitomala woyamba wapezeka! Ndi azakhali anga, amene amagulitsa tomato kumsika. Andipatsa chitenje chawo chatsopano kuti ndiwasokere deresi lokavala ku ukwati ku Kasenengwa Loweruka. Akuti likakhala bwino auza amayi onse a mzere wawo azisoketsa kwa ine.

Pabolodi mwajambula gudumu la dizayini: funsa, yang'anitsitsa, jambula, yesa, bwerera poyamba. Mwati nzeru imeneyi imagwira pa chilichonse, kuyambira supuni mpaka ndege. Ndakopera mosamala. Gudumu langa likuoneka ngati dzira.

Lachiwiri

Funsa. Ndili ndi mafunso ambiri, koma pakamwa pakutuluka limodzi, nalonso motsitsa.

Azakhali: "Ndifuna ngati la Amake Dalitso, koma lopambana. Basi."

Inu munati kasitomala sadziwa chimene akufuna, wadizayini ndiye amafukula chosowa chobisika. Sindinawauze azakhali kuti sadziwa chimene akufuna. Moyo ndikuufunabe.

Lachitatu

Yang'anitsitsa. Ndabisala kuseri kwa matumba a makala, ndikuchita kafukufuku. Zimene ndaona:

Foni amaika m'kamisolo.
Makiyi amamanga pansonga ya chitenje.
Kolona ali m'khosi, mapiritsi a mutu ali muduku.
Foni ikalira amafufuza thupi lonse, makasitomala aamuna amayang'ana kumwamba.

Ndachipeza chosowa chobisika! Matumba!

Wogulitsa makala: "Mlongo, mukugula kapena mukuzonda munthu?" Ndagula makala chifukwa cha manyazi. Kunyumba alipo kale.

Lachinayi

Jambula, yesa. Ndasoka choyesera ndi saka la ufa monga munaphunzitsira, kuti chitenje chisaonongeke. Ndapita nacho kwa azakhali.

"Ine ndivale saka? Ndine mbatata?"

Ndiye ndayesera pa amayi oyandikana nafe. Wina akuti onjezera thumba la mpango. Wina akuti la chopereka. Wina akuti lalikulu, la kanyama kobwera nako ku ukwati. Munati mawu a wovala aliyense ndi chuma cha kafukufuku, ndipo ine kukana munthu wamkulu sindidziwa. Ndavomera onse.

Gudumu likuti bwerera poyamba. Gudumu silidziwa kuti mawa ndi Lachisanu.

Lachisanu

Ndadula chitenje.

Matumba adya nsalu ya manja. Adyanso ya kolala. Koma msoko wake, aphunzitsi, ndi wowongoka ngati msewu wa ku Lusaka, ndayeza paliponse ndi tepi. Matumba alipo awiri kutsogolo, awiri m'mbali, ena pachifuwa, lalikulu lija kumbuyo.

Azakhali abwera madzulo. Alitembenuza deresi. Alowetsa dzanja m'thumba lililonse.

"Iwe mwana, ndikupita ku ukwati kapena ndikusamuka?"

Alitenga. Chitenje china alibe, nthawi palibe.

Loweruka

Ku Kasenengwa. Ndakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi pothawira.

Poyamba zikuyenda! Amayi awazungulira azakhali, akuligwiragwira deresi. Ng'oma zitayamba, aliyense wofuna kuvina akuti, "Tisungireniko foni, inu muli ndi malo." Azakhali akunyada. Akulandira mafoni, makiyi, magalasi, botolo la mkaka wa mwana. Akuyenda ngati ngolo yodzaza thonje. Kuvina sakutha.

Kenako chete, abusa akudalitsa akwati. Azakhali ayamba kulira m'chiuno. Foni ya nyimbo ya kwaya. Ina pachifuwa, ya tambala. Ina kumbuyo. Akudzimenya paliponse ngati alowedwa linthumbu, sakudziwa thumba lake. Eni mafoni athamangira kudzathandiza, manja ambirimbiri m'deresi limodzi. M'thumba lalikulu mwatuluka ntchafu ya nkhuku imene azakhali akuti sakuidziwa.

Mwana wina mokuwa: "Amama, agogo aja akuimba okha!"

Abusa anena ameni msanga. Pobwerera ndakwera minibasi ina.

Lamlungu

Deresi labwera m'mawa ndi mwana, popanda moni. Amayi anga alipachika pamsomali kuseri kwa chitseko. Muli kale machesi, anyezi, mapegi ndi makandulo. Akuti m'nyumba muno simunalowepo chinthu chothandiza chotere.

Mzere wa tomato wonse wamva. Palibe amene wabwera. Amene wafika ndi bambo wokonza njinga yekha, akufuna lofanana, la masipanala.

Ndaonanso gudumu lija. Palibe chimene ndinadumpha, kupatula kubwerera poyamba, chifukwa chitenje chikadulidwa sichibwerera. Mwina pa ndege zimatheka.

Azakhali atumiza mawu akuti Lachiwiri ndipite kwawo ndikafotokoze, pamaso pa atate, amene anandiphunzitsa zimenezi. Dzina lanu sindinatchulebe. Pagudumu sindikuona mbali yonena za azakhali okwiya, kapena ili patsamba limene sitinafike? Chonde aphunzitsi, mundiyankhe mawa lomwe, Lachiwiri lisanakwane. Ine ndikapanikizidwa ndimanena zoona.