Mmene pemphero linatisankhira Roma

Mukadzamva mayi a kunyumba kwanga akunena kuti ku Roma anapitako koma holide sanaione, chonde musadzawatsutse. Ndinalipo, ndipo amene anaononga zinthu ndi amene akulemba panoyu.

Ife tikukhala kunja, kutsidya kwa nyanja: ine ndimasamalira okalamba ku Midland, iwo ndi namwino. Mashifiti athu amakhala ngati anakangana: ine ndikamalowa m'nyumba, iwo amakhala akumanga nsapato. Ukwati wathu unafika pomayendera pakhomo, "mwaswera bwanji" ndi "muyende bwino" kunenera pamodzi. Ndiye titapeza tchuthi nthawi imodzi, ana n'kuvomera kukakhala kwa azakhali awo ku Kwinana, mayi anandikhazika pansi.

"Bambo a Tadala, ndikufuna tikakhale awiri. Awiri, mwamva? Sankhani nokha, Paris kapena Roma. Koma asamve munthu mpaka ndege itanyamuka."

Ndinavomera ndi mutu, pakamwa, ndi manja omwe.

Vuto langa ndi kusankha. (Ndine munthu woti ndikaima pa sopo m'shopu, wogulitsa amabwera kudzafunsa ngati ndikumva bwino m'thupi.) Pa buleki ndinkangokhalira mavidiyo pa foni. Paris ili ndi chinsanja chija, komanso timisewu toti mungayende mutagwirana manja popanda wokuwerengerani zaka. Roma ili ndi zipupa zakalekale ndi ayisikilimu woti ngakhale pa chithunzi amakudontheza malovu. M'mawa ndinkadzuka ndili wa Paris, pofika madzulo ndasanduka Mroma.

Mutu utatentha, ndinakumbukira a Chirwa, mkulu wa mphakati wathu, kagulu ka Akatolika achimalawi kamene timakumana m'makomo Lamulungu masana. A Chirwa anakhalako ku Ulaya asanabwere kudzagwira ntchito ku Welshpool. Tsiku limenelo mayi anali ku shifiti, ndiye ndinawakokera pambali mapemphero asanayambe.

"Achimwene, izi zithere pompano. Madamu anena kuti asamve munthu."

"Aa, ine? Pakamwa panga m'pokhoma. Ndipatseni mpata ndiganizire."

Kunena zoona, a Chirwa sanauze munthu. Anauza Mulungu. Kungoti anamuuza mokweza, m'chipinda chodzaza anthu.

"Ambuye, tikuperekanso m'manja mwanu bambo a Tadala ndi akunyumba kwawo, amene aima pa mphambano. Aunikireni, kaya ndi Paris, kaya ndi Roma."

"Tikupemphani mutivomereze," gulu linayankha, mwamphamvu kuposa masiku onse.

Ndinatsegula diso limodzi. Anzanga onse anali atatsegula awiri, akuyang'ana ine.

Titangoti amen, mayi Nkhoma, mayi wamkulu amene tonse timawatchula kuti anti, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane.

"Mwana wanga, Mkatolika amafunsanso zimenezi? Paris muli ndi ndani kumeneko?"

Mtsikana wina wa ku Zambia, wa pa yunivesite, anayesa kundipulumutsa. "Imwe ba tata, pelekani ba madamu ku Paris, kuja ndiye kuli chikondi. Ku Roma muzayenda mukakalamba." Anti anangomuyang'ana kamodzi, mwana wa eni n'kupita kukathandiza kutsuka makapu.

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu akakuuza chinthu atakugwira dzanja, mawu oti ayi amathawa okha. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Zoona anti, Roma ndiye kwathu."

Kunyumba ndinakafika ngati munthu woganiza mozama. "Amayi, ndalingalira bwino. Tipite ku Roma." Anasangalala mpaka kundipsompsona patsaya, n'kunena kuti amakonda mwamuna wodziwa chimene akufuna. Mtima unandiluma.

Kenako katundu anayamba kubwera. Oyamba anali makolona: aliyense ankafuna yake ikadalitsidwe ku Roma, ndi ya amayi ake kumudzi, ndi ya apongozi. Ena anabweretsa timabotolo topanda kanthu toti ndikatungemo madzi odalitsidwa. Ndinkawalandirira pa siteshoni ya sitima ngati wogulitsa zoletsedwa, n'kumabisa zonse m'buti ya galimoto. Pomaliza anti anabwera ndi chikwama chawochawo: ufa, tsabola wa kambuzi wouma wa m'dimba mwawo, ndi juzi. Zonsezo zinali za bambo Mateyu, wansembe, mwana wa mchimwene wawo amene akuphunzira ku Roma.

"Mungomupatsira pa eyapoti basi. Ndamuuza kale tsiku."

Loweruka lina mayi anatsegula buti kuti aikemo zogula. Anapezamo makolona, timabotolo ndi ufa.

"Bambo a Tadala, mwatsegula shopu ya parishi?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa pemphero. Sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Chabwino. Koma diresi yanga ngakhale imodzi isatsale chifukwa cha ufa wa anthu." Zimene zinatsala ndi nsapato zanga ndi jekete.

Ku Roma bambo Mateyu anatichingamira ndi manja awiri. Munthu wabwino zedi, wansangala, koma anali atakhala miyezi osayankhula Chichewa, ndipo chinali chitawadzadza mpaka m'khosi. Ufa analandira, koma sanapite.

"Alendo a azakhali anga ayende okha mumzinda muno? Kumudzi ndikayankha chiyani?"

M'mawa uliwonse tinkawapeza pakhomo pa hotela, atavala juzi ija. Tinaona matchalitchi, abale. Tinaona tchalitchi chachikulu, chaching'ono, ndi china chomangidwa pamwamba pa chinzake. Tinaima pa mzere padzuwa ndi chikwama cha makolona, ine ndikutuluka thukuta ngati ndikulima. Ndikati ndigwire dzanja la mayi, bambo mfumu ali pakati pathu, akufunsa ngati msewu wa ku Dedza anaukonza. (Mumagwira bwanji dzanja la mkazi wanu modutsa wansembe?) Pa kasupe wotchuka uja, pamene anthu okondana amajambulitsa, chithunzi chinatuluka chokongola kwambiri: mayi akumwetulira, bambo Mateyu akumwetulira. Wojambula ndinali ine.

Madzulo omaliza ndinalimba mtima kuti ndiwauze abambo kuti tikufuna kudya awiri. Ndinakonza mawu bwinobwino. Nditatsegula pakamwa, chimene chinatuluka n'choti, "Abambo, mudya nafe eti?" Mayi anandiponda phazi pansi pa tebulo, ndipo chala chimenecho chimandikumbutsabe kukazizira.

Amene anatipulumutsa ndi mayi omwewo. Anaika foloko pansi n'kunena mwaulemu wonse, "Abambo, mwatisamala kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma amene ndinakwatiwa ndi bambo awa ndine, ndipo chifikireni sindinawaone kumaso."

Bambo Mateyu anaseka mpaka kupukuta misozi. "Mayi, bwanji osanena tsiku loyamba? Inetu ndasiya makalasi sabata yonse, kuopa kuti mukandinenera kwa azakhali!"

Anatidalitsa n'kunyamuka. Tinatsala awiri, monga mmene mayi anapemphera poyamba paja, ndege ili m'mawa mwake. Ndinawagwira dzanja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumadikira mawu okoma.

"Mwayamba imvi," anatero. "Zayamba liti?"

Ndinaseka, koma zinandikhudza, chifukwa imvizo zinayamba chaka chatha ndipo timagona nyumba imodzi.

Makolona onse ndinagawa kwa eni ake, ndipo anti akuti ulendo wotsatira ndisavutikenso kuganiza, andisankhira kale. Mayi nawo akuti tchuthi chikubwerachi akonza okha, ine ndidzangouzidwa kuti ndilongedze. Ndinawafunsa kuti nanga a Chirwa akandifunsa ndidzati chiyani. Akuti ndidzawauze kuti apempherere anthu onse apaulendo, Mulungu adziwa yekha kuti ndi ati.