Mmene ndinafufutira chinkhoswe cha mlamu wanga

Ine pamsika sindigonja. Funsani aliyense wa mtedza ndi soya pa Nsaru, akuuzani kuti ndikayamba kunenerera mtengo, wogulitsa amafika pondipempha kuti ndingonyamula katunduyo ndizipita. Ndiye musaganize kuti zimene ndikuuzenizi zinagwera munthu wogona. Zinagwera katswiri, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero zimandiyabwa.

Kunyumba ndili ndi kompyuta ya chibokosi, ija yokhala pansi pa tebulo, imene ndinagula pamene ofesi ina m'tauni inkataya zakale. Ntchito yake inali nyimbo, mafilimu, ndi kuonetsa alendo kuti pakhomo pano chitukuko chinafika. Koma munalinso chinthu chimodzi chosagulika: vidiyo ya chinkhoswe cha mlamu wanga Tadala, mng'ono womaliza wa akazi anga. Apongozi anga aakazi sanakhalepo pa chinkhoswecho, anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo chimene chinkawalimbitsa mtima n'chakuti akadzachira adzaonera zonse. Wojambula anafuna kutiikira vidiyoyo pa zimbale kuti banja lililonse likhale ndi chake. Ine ndinamugwira mkono. "Zimbale za chiyani, achimwene? Ikani mu kompyuta yanga, mtengo utsike." Anaika, mtengo unatsika, iye n'kufufuta kwakeko kuti akajambule ukwati wina. (Tsiku limenelo ndinkayenda ngati Nsaru yense ndi wanga.)

Apongozi atachira anatumiza mawu kuchokera ku Kabudula kuti akubwera Loweruka kudzaonera, limodzi ndi amalume ake a Tadala. Sabata yomweyo kompyuta inayamba kulira. Ke-ke-ke, ngati nkhuku ikujompha chimanga pa lata. Ikalira choncho, chilichonse pa sikirini chinkangouma.

Ndinayamba ndi mankhwala amene anachiritsa wailesi yanga: mbama. Sinamve. Ndinatsegula chibokosicho n'kupeza fumbi la mtedza lokwana kudzalapo matimati, poti matumba ndimasunga m'chipinda chomwecho. Ndinalipopa ndi pampu ya njinga, mphemvu zinasamuka ndi mabanja awo, koma kulira kunali komweko. Nditatchera khutu ndinapeza kuti wolirayo ndi kachitsulo kaja kosunga zonse, kamene amati hadi disiki.

Mnzanga wina wa pabawo anati msuweni wake wa ku Joni amachiza matenda amenewa ndi kuzizira. Ndinazula disikiyo, n'kuikulunga m'jumbo, n'kupita nayo kwa a Nachisale, mayi wogulitsa mafirizesi amene ali ndi filiji yaikulu.

"Kodi ndi nyama?" anafunsa.

"Ndi chinkhoswe, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chiikeni uko kuli nsomba. Magetsi akazima musadzandilirire."

Musaseke, chifukwa zinathekadi. Disiki inabwera ikununkha nsomba, koma kompyuta inayaka, ndipo ndinaona ndi maso anga Tadala akulowa ndi anzake akuvina. Munthu wanzeru akanathamangira fulashi nthawi yomweyo n'kukopera vidiyoyo. Ine ndinathamangira pabawo kukadzitama. Pobwera ndinapeza nkhuku ija yayambiranso kujompha.

Apa mpamene ndinapita kwa a Nkhoma, amene amakonza mafoni ndi makompyuta kuseri kwa sitolo ya feteleza. Anamvetsera kulirako ngati dokotala womvetsera chifuwa.

"Iyi ili paulendo, achimwene. Gulani disiki ina, mubwere nazo zonse, ndisamutse katundu wanu isanatsirizike. Mu yatsopanoyo mufuna ndiikemo chiyani, Windozi kapena Linakisi?"

"Kusiyana kwake?"

"Windozi ndi imene munaizolowera, koma yeniyeni imagulidwa. Linakisi imayenda bwino m'makompyuta okalamba ngati yanuyi, mavairasi saikonda, kungoti muyenera kuiphunzira pang'ono. Imeneyo ndi yaulere."

Zina zonsezo zinandidutsa. Ndinamva mawu omalizawo basi.

"Yaulere? Basi mwini wake safuna kanthu?"

"Safuna. Mungolipira dzanja langa."

"Ndiye chinthu chaulere ndilipire dzanja? Ndiikireni pa fulashi, ndikaika ndekha."

A Nkhoma anapumira m'mwamba, n'kundiikira. Ndikutuluka anakuwa: "Koma muyambe mwazula disiki yakaleyo musanaike! Mwamva, eti?" Ndinakweza dzanja osatembenuka, monga timachitira ndi wogulitsa amene akuitana titapita kale.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kupita m'tauni. Pa benchi ina ya zida za makompyuta ndinaloza disiki yaikulu kuposa zonse, yoposa yanga yakale kutalitali. Mwini benchi anatchula mtengo, ine ndinaseka ngati wandiuza nthabwala. Ndinatchula wanga.

"Bwana, mtengo umenewo ndi wa mwanapiye, inu mukuloza thadzi."

Ndinachoka, anandiitana. Ndinati disikiyo yakandika, ndinati benchi ya uko ili nayo yotchipa, ndinatchulanso za mtengo wa minibasi ndi mvula yosadalirika. Dzuwa litafika pamutu munthuyo anapukuta thukuta.

"Chabwino bwana, mwapambana."

Anawerama pansi pa benchi, n'kundipatsa disiki yokulunga kale m'nyuzipepala. Sindinaiyang'ane n'komwe. Wopambana sayang'ana, amangolonga m'thumba.

Kunyumba ndinalumikiza yatsopanoyo pambali pa yakale. Mawu a a Nkhoma ndinawakumbukira ndithu, koma ndinati kuzula n'kudzabwezeretsanso ndi ntchito ziwiri, pamene zonse zikakhala mkati ndingosamutsa vidiyo kamodzi. Akazi anga anasuzumira pakhomo.

"Bambo a Chisomo, yakale ija mwachotsa?"

"Amake Chisomo, izi ndi za mainjiniya."

"Injiniya wa pampu ya njinga," anatero, n'kubwerera panja.

Linakisi inayamba bwinobwino, n'kundionetsa madisiki awiri, ina yaikulu ina yaing'ono, kuti ndisankhe poikhazika. Funso lophweka chotere? Yatsopano ndinaigula ndekha, ndi yaikulu. Komanso ine chibadwire sindinasankhepo mulu waung'ono pali waukulu. Ndinadina yaikulu. Inachenjeza m'Chingerezi kuti zonse za m'menemo zifufutidwa. Ndinati fufuta, mulibe kanthu. Inafunsanso ngati ndatsimikiza. (Apa ndinamwetulira, chifukwa machenjerero awa ndimawadziwa: wogulitsa akafuna kukugwedeza amakufunsa kawiri.) Ndinatsimikiza.

Itatha, sikirini inawala mokongola, zonse zaukhondo ngati nyumba yozira kumene. Ndinaitana akazi anga kuti adzaone injiniya. Ali chiimire pambuyo panga, m'chibokosi munamveka mawu.

Ke-ke-ke.

Linakisi yanga yatsopano inkalira ndi mawu a disiki yodwala. Ndinazima, n'kuzula imene ndinagula ija, n'kuwerenga zolembedwa pamsana pake, zimene ndikanawerenga pa benchi paja. Inali yaing'ono kuposa yanga yakale. Mkulu uja anandipatsa katundu wolingana ndi mtengo wanga. Mulu waukulu umene ndinasankha unali wa chinkhoswe.

Ndinathamangira kwa a Nkhoma. Anati nthawi zina zofufutidwa zimavuuka, ngati disiki ili ndi mphamvu. Anailumikiza pa makina awo, inalira pang'ono, kenaka zii. Anavula chipewa.

"Pepani achimwene. Awa ndi maliro."

Loweruka masana alendo anafika. Amalume tinawapatsa mpando, apongozi anakhala pamphasa chammbali, nkhope kukhoma, monga mwa ulemu wa mpongozi ndi mkamwini. Ife sitiyang'anana m'maso, ndipo nkhani yolemera imadzera mwa akazi anga ngakhale tonse tili m'chipinda chimodzi. Ana a oyandikana nawo anadzaza pazenera.

Ndinanjuta. "Amake Chisomo, auzeni amayi kuti pachitika ngozi ya zamakina."

"Amayi, akuti afufuta chinkhoswe."

(Si mmene ndinanenera, koma womasulira ndi amene ndinali naye.)

Amalume ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata. Kenaka apongozi analankhula motsitsa, akuyang'anabe kukhoma.

"Uwafunse, iwowo anaonerako?"

"Kambirimbiri," ndinayankha msanga.

"Ndiye uwauze ationetse. Ine ndachoka ku Kabudula kudzaona chinkhoswe."

Ndinaganiza kuti akufuna ndifotokoze. Ndinayamba kuti kunali anthu ambiri, nyimbo zinali bwino. Amalume anagogoda pansi ndi ndodo.

"Mkamwini, mlongo wanga sanati timve. Wati tione. Tadala analowa bwanji?"

Abale anga, ndinaimirira. Ine bambo wa ndevu zanga, woopedwa pa sikelo ya mtedza, ndinagwira m'chiuno n'kulowa ngati namwali, masitepe awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo, maso pansi mwamanyazi. Akazi anga anayambitsa nyimbo, ana pazenera n'kuomba m'manja. Ndinakhala mkwatibwi wofundidwa chitenje, ndinakhala ankhoswe akuchimuna ovundukula munthu wolakwika, ndinakhala azakhali aja amene anavina mpaka nsapato kuthawa. Amalume ankangokonza: "Ayi, chiuno chinatsika kuposa pamenepo!" Ndinatsitsa. Pofika pa pelekanipelekani amalume anandiponyera chikhatho cha mtedza wanga womwe.

Ndikubanika ndi befu ndinaba diso kuyang'ana pamphasa. Mapewa a apongozi ankagwedezeka, atatseka pakamwa ndi mpango, misozi ili mbwembwembwe. Ndinati basi, ndapulumuka, katswiri wagulanso motchipa.

Atapuma anapukuta m'maso, n'kuitana akazi anga.

"Uwauze kuti kuvina amatha. Koma nkhope ya mwana wanga tsiku lake sindinaione."

Pamenepo panalibe chonenerera. Ndinakhala pansi, thukuta lili kamukamu, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga ndinalandira mtengo mmene aunenera.

Masiku ano chilichonse chofunika ndimachisunga pawiri, ndipo kompyuta ikandifunsa kachiwiri ndimaitana akazi anga. Linakisi ndinaizolowera, ilibe mlandu, inachita zimene ndinaituma. Amake Chisomo amati phunziro lenileni n'lakuti ndisiye kufinya anthu pamtengo mpaka kuwatulutsa thukuta. Pamenepo ndiye sitigwirizana. Mtengo uja unali wabwino kwambiri. Disiki ndiyo inali yaing'ono.