Mphira M'masipuling'i, Apongozi Kumbuyo

Lolemba

Mkazi wanga, mayi a Tadala, abwera ndi uthenga: Loweruka apongozi akufuna ndiwaperekeze ku chinkhoswe cha mdzukulu wawo ku Mikolongwe. Pa galimoto yanga! Zaka khumi ndi zinayi ndili mkamwini kuno kwa Kadewere, apongoziwa sanandipemphepo kanthu. Tikakumana panjira amapatukira m'chinangwa, ine n'kuyang'ana kumbali. Moni timapatsana wina ali kuseri kwa nkhokwe. Mwambo ndi mwambo, sindidandaula. Koma ndimalakalaka tsiku limodzi lokha atanena kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wanzeru.

Vuto ndi limodzi. Kagalimoto kanga kakadutsa pabampu kamangovinabe, bampuyo titaisiya kalekale. Apongozi amadwala msana. Masiku akadalipo, ndikonza.

Lachiwiri

Kwa Che Jafali, makaniko wa pa Namitambo. Boneti sakutsegula n'komwe. Angodinikiza galimoto pakona yakumbuyo n'kuisiya. Ikutsika, kukwera, kutsika, kukwera, kanayi konse. Akuti yabwinobwino imatsika n'kukwera kamodzi basi. Akundifotokozera ngati mwana wa sitandade wani: sipuling'i ntchito yake ndi kusenza kulemera kwa galimoto ndi kulandira bampu, koma payokha sidziwa kuleka kunjanja. Choiletsa ndi shoko, kachitsulo kokhala ndi mafuta m'kati. Mashoko anga mafuta anadontha onse kalekale.

"Pitani ku Limbe mukagule awiri, mawa lomweli ndikuikirani."

Ndavomera ndi mutu, mumtima ndakana. Ine ndinakonzapo njinga zakapalasa zaka zisanu ndi chimodzi, sindine mlendo pa zitsulo. Chinthu chikamanjanja ndiye kuti chafewa, ndipo chofewa timachilimbitsa. Za ku Limbe n'zotayitsa nthawi.

Lachitatu

Zofunika:
tayala lakutha (lomwe mayi a Tadala anadzalamo maluwa, sanaone)
mpeni wakuthwa
jeke
hamala
linya wambiri

Tsiku lonse ndili chagada pansi pa galimoto. Ndadula mphira zidutswazidutswa, ndakhomerera m'mipata yonse ya masipuling'i akumbuyo, ndamanga ndi linya ndithu ngati mtolo wa nkhuni. Chala chimodzi ndachitswanya ndi hamala, palibe kanthu. Pomaliza ndikudinikiza pakona monga anachitira Che Jafali. Siikutsika ndi pang'ono pomwe! Iwo amati kamodzi, ine ndafikitsa pa ziro. Ndadinikizanso katatu kungofuna kusangalala.

Lachinayi

Tsiku loyesa. Kumbuyo kwakwera, galimoto yaweramira kutsogolo ngati mbuzi ikumwa madzi. Kuvina kwatha, zimenezo n'zoona. Koma tsopano kamwala kalikonse ka mumsewu ndikukamva m'mano. Lilime ndadziluma kawiri. Pokhota, matayala akumbuyo akumadumphira cham'mbali mwa okha.

Mayi a Tadala atsikira pachigayo, ati kwatsalako ayenda wapansi. Afunsanso za maluwa awo.

Ndikudziuza kuti mphira ifewa ikazolowera.

Lachisanu

Sinafewe. Ndauyamba wa ku Namitambo ndi manyazi anga. Ndafika dzuwa lili paliwombo, galaja yotseka, Che Jafali ali kumzikiti. Ndinaiwala kuti lero ndi Lachisanu! Ndadikira pansi pa mtengo wa mango.

Atabwera asuzumira pansi pa galimoto, kenako aitana anzawo awiri kuti nawonso adzaone. Akuti wodwala anali shoko, ine ndapha sipuling'i. Tsopano bampu ilibe pothera, izithera mumsana mwa wokwera. Ku Limbe nthawi yatha. Kuchotsa mphira nako akuti ndi ntchito ya tsiku lathunthu, poti ndinakhomerera ndi mtima wonse. Paja wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mawa ndiyenda pang'onopang'ono. Pampando wakumbuyo ndaikapo mapilo awiri ndi bulangete.

Loweruka

Apongozi akhala kumbuyo kwanga kwenikweni kuti tisaonane nkhope. Chitenje chatsopano, duku lonyezimira, dengu la ufa wa kuchinkhoswe lili pamiyendo. Mayi a Tadala kutsogolo. Galasi loonera kumbuyo ndalitembenuzira kudenga mwaulemu. Liwiro langa n'loti wanjinga akutipitirira n'kutipatsa moni.

Gu! Gu! Gu! Apongozi akumbatira dengu lawo.

Kenako dzenje lina la pafupi ndi kamlatho, madzi amvula analikumba, ine sindinalione. Mutu wawo wagunda denga, duku lagwa, ufa wamwazika m'galimoto monse. Ndikungomva manja awiri andigwira m'khosi. Manja a apongozi! Zaka zonsezi osagwirana ndi chanza chomwe, lero andikolekera m'khosi mpaka ku Mikolongwe, poti akasiya agwa. Ine kupuma movutikira, koma ndinganene kuti chiyani?

Tatsika atatu tonse tili mbuu ngati ogwira ntchito m'chigayo. Azimayi amene anatichingamira ndi nyimbo aisiyira pakati. Ufa wofika nawo sukwana ndi phala la mwana.

Pobwerera apongozi akwera kabaza.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Apongozinso sanapite, agona chafufumimba pamkeka, mayi a Tadala akuwathowa msana ndi madzi otentha. Ndikuwamva akubuula ndili pakhonde pano. Mashoko awiri okha, ndikanangomvera. Zandipweteka mtima kwambiri, chifukwa aka kanali koyamba mayi aja kundikhulupirira.

Ndimayembekeza mlandu, mwina ankhoswe aitanidwe. Ayi ndithu. Uthenga wabwera kudzera mwa mkazi wanga monga mwa nthawi zonse, ndipo waunena osaseka: "Amuna akowa mtima ali nawo wabwino. Koma usamawasiye okha ndi sipanala."

Ndayankha kuti zikomo, ndamva. Mashoko ndikagula, Che Jafali adzaika, galimoto idzayenda mwa myaa. Koma apongozi pampando uja sadzakhalaponso.